Kufufuza Linux poizoni akalowera kugwero

Pulogalamu ikaipitsidwa komwe imapangidwira, woilandira sakayika kanthu, chifukwa imafika kudzera m'njira yomwe amaidalira masiku onse, chidindo chake chili chenicheni. Ndi zomwe zinaonekera XZ Utils, pulogalamu yopanikiza mafayilo yopezeka pafupifupi mu Linux aliyense. Wina wodzitcha Jia Tan anathandiza pa ntchitoyi zaka zoposa ziwiri mpaka anzake anamukhulupirira, kenako anabisa khomo lachinsinsi mu XZ 5.6.0 ndi 5.6.1. Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, anaulula chiwembuchi pa 29 Malichi 2024 atadabwa kuti SSH, njira yolowera m'kompyuta uli kutali, ikuchedwa ndi theka la sekondi.

Kufufuza kumayamba ndi kudziwa nambala ya XZ yomwe ili m'kompyuta. Funsolo lipite kwa chosunga mapulogalamu, monga dpkg pa Debian kapena rpm pa Fedora, osati kwa xz mwiniwakeyo, pakuti woganiziridwa umbava sadzichitira umboni. Poizoni anali mu liblzma, laibulale ya XZ, ndipo ankafika ku sshd, pulogalamu yolandira olowa pa SSH, kudzera mu laibulale ina ya libsystemd. Anakhudzidwa ndi makamaka ogwiritsa ntchito Linux wothamangira zatsopano: Debian unstable, Fedora Rawhide, openSUSE Tumbleweed ndi Kali. Debian stable ndi Red Hat Enterprise Linux anapulumuka.

Pomwe ambiri amapusitsika ndi pa debsums ndi rpm -V. Zidazi zimangoyerekeza mafayilo a m'kompyuta ndi omwe anachokera kugwero, ndiye gwero likakhala loipa, zimanena mosangalala kuti zonse zili bwino. Sizinama ayi, koma zikuyankha funso lina. Kaundula wa olowa nayenso sangadaliridwe kwambiri, poti khomo la mtunduwu limalola mwini kiyi yake kulamula kompyuta asanafunsidwe n'komwe kuti ndi ndani. Makontena a Docker amaiwalika kawirikawiri, chonsecho ambiri amanyamula liblzma yawoyawo.

Bungwe la CISA ku America linalangiza kubwerera ku XZ yakale monga 5.4.6. Izi zimatseka khomo, koma sizitulutsa amene analowa kale. Seva yomwe inali ndi 5.6.0 kapena 5.6.1, SSH yake ili yotsegukira intaneti, iyenera kufufutidwa yonse n'kuikidwanso Linux watsopano, ndipo makiyi ndi mapasiwedi onse omwe anali mmenemo asinthidwe.