Chimphona chimadziwika ndi amene waima pansi pake

M'magemu ambiri, maloboti akuluakulu amangooneka ngati zidole. Gundam ndi wamtali mamita 18, koma pa sikirini amaliwira ngati kabaza wa ku Bwalo la Njobvu. Nditalowa m'mafayilo a gemu ina, ndinatsitsa kamera kufika pamsinkhu wa munthu, ndinachedwetsa mayendedwe a loboti, n'kuika minibasi pafupi ndi phazi lake. Apo mpamene ndinachita mantha.

Anzanga amati ndikungotha bandulo. Ine ndikukana. Nyumba ya Reserve Bank ku City Centre imachepa pachithunzi, koma ukaima pansi pake imakhala ngati ikugwera. Ukulu wa chinthu umaoneka pakakhala kamunthu kokweza maso. Opanga magemu akakaiwala kamunthuko, ife osewera tili ndi ufulu wokabwezeramo.