Mtengo unenedwe botolo lisanatsegulidwe

Ku India lamulo limati katundu wa m'mabotolo alembedwe mtengo umene wogulitsa sayenera kupitirira. Komabe mu Disembala 2017 bwalo lalikulu la milandu m'dzikolo linagamula kuti mahotela ndi nyumba zodyeramo zingathe kugulitsa madzi a m'botolo mopitirira mtengowo, popeza munthu wokhala pa tebulo sagula madzi okha: amalipiranso mpando, mthunzi, tambula yotsukidwa ndi manja omutumikira.

Ife tikuona kuti cigamuloci cili ndi nzeru, pakuti mwini malo amalipira magetsi oziziritsa cakumwa ndiponso anchito ake. Koma kukweza mtengo ndi kubisa mtengo n'zosiyana. Taganizirani mayi amene wagulitsa nyemba zake pa msika wa ku Ulongwe, nalowa m'nyumba yodyeramo ndi mwana waludzu. Akauzidwa mtengo wokwera mwanayo atamwa kale, ndalama yokwerera galimoto pobwerera kumudzi yathera pomwepo, ndipo manyazi amutseka pakamwa. Amenewo si malonda, koma msampha.

Kuno ku Mozambique, lamulo loteteza ogula la nambala 22/2009 limatipatsa ufulu wodziwa mtengo wa zimene tikugula, ndipo madandaulo tingathe kukawatula ku bungwe loyendera malonda.

Motero tikupempha ogulitsa kuti alembe mitengo poonekera. Nafenso tifunse botolo lisanatsegulidwe, ndipo tiphunzitse ana athu kuti kufunsa mtengo si cizindikiro ca umphawi. Paja akulu anati safunsa anadya phula.