Chikomekome cha Taj Mahal

Anzanga alembi, pali dzina limodzi limene ndifuna tiliganizire kaŵiri tisanalilembenso m'ndakatulo zathu zachikondi. Dzinalo ndi Taj Mahal. Mnyamata akafuna kuti namwali amve kukula kwa chikondi chake amathamangira ku Agra, kumene sadapondeko, nkulonjeza kuti adzammangira Taj Mahal. Namwaliyo akadakhala mlongo wanga ndikadamuuza kuti athaŵe, pakuti Taj Mahal ndi manda, ndipo mai amene adammangira nyumbayo sadaione ndi maso. Ine ndikukana kuti chiliza chimenechi ndi umboni wa chikondi. Ndi umboni wa mphamvu za mfumu imene inkatha kulamula dziko lonse kuti lisonkhere maliro a m'nyumba mwake.

Tiyambe ndi mwini mandawo, amene ndakatulo zathu zimamtchula dzina lokha. Arjumand Banu Begum adabadwa mu 1593. Mu 1612 adakwatiwa ndi Khurram, mwana wa mfumu ya Amughal ku India, amene adaloŵa ufumu mu 1628 natchedwa Shah Jahan. Mkaziyo ndiye timamdziŵa ndi dzina loti Mumtaz Mahal. Pa zaka 19 zimene adakhala pa banja adabereka ana 14, ndipo asanu ndi aŵiri mwa anawo adamwalira ali aang'ono. Mu June 1631 adali ku Burhanpur, kutali ndi Agra, atatsatira mwamuna wake ku nkhondo ya ku Deccan ali ndi pakati. Kumeneko adachira mwana wamkazi, Gauhar Ara, iye nkutsirizika ali ndi zaka 38. Kafunseni mzamba aliyense chimene mimba 14 zotsatizana chotere zimachita ndi thupi la munthu, akuuzeni ngati angachitche ndakatulo.

Sindikunena kuti Shah Jahan sadalire. Olemba mbiri a kunyumba ya mfumu amati adalira koopsa, nasiya zovala zokongola ndi zoimbaimba kwa nthaŵi yaitali, ndipo ndilibe chifukwa chowatsutsira. Komatu chaka chimenecho adalira si iye yekha. Kuyambira mu 1630 mpaka 1632 mvula idakanika ku Deccan ndi ku Gujarat, ndipo kudagwa njala ya dzaoneni. Mngelezi wina wamalonda, Peter Mundy, adayenda kuchokera ku Surat kupita ku Agra m'masiku amenewo, nalemba za mitembo imene idali mbwee m'njira. Ngakhale Abdul Hamid Lahori, mlembi wa mfumu yemwe, sadabise. M'buku lake la Padshahnama akusimba kuti nyama ya galu inkagulitsidwa ngati ya mbuzi, ndi kuti ogulitsa ufa ankasakanizamo mafupa osinja. Alimi ambirimbiri adaika akazi awo m'zaka zimenezo. Kodi iwo chikondi adalibe? Chimene adalibe ndi msonkho wa anthu ena.

Tsono tiŵerengere ndalama, pakuti Lahori yemweyo adatisiyira ziŵerengero. Pothandiza anthu anjala, mfumu idatsegula malo ogaŵirapo chakudya, nilamula kuti Lolemba lililonse ku Burhanpur kuzigaŵidwa marupiya 5,000. Patapita masabata 20 ndalamazo zidakwana 100,000. Ku Ahmedabad idatumizako 50,000. Idakhululukiranso misonkho yokwana pafupifupi marupiya 7 miliyoni, ndipo ichi ndichitchula kuti wina asati ndabisa zabwino za mfumu. Koma kukhululukira msonkho wa munda umene sudabereke kanthu kuli ngati kulonjeza kuti sudzakama ng'ombe yakufa. Ndalama zimene zidatulukadi m'nkhokwe kupita m'manja mwa anjala ndi zija 150,000. Manda a Mumtaz, amene adayamba kumangidwa mu 1632 njala isanathe nkomwe, adadya marupiya 5 miliyoni. Gaŵani nokha muone kuti mtembo umodzi udaposa anthu amoyo kangati.

Pali chiŵerengero china chimene okonda nthano ya chikondi sachitchula. Mu 1635 Shah Jahan adakhala koyamba pa mpando wake wotchuka wa Pikoko, wa golide ndi miyala ya mtengo wapatali. Mpandowo udadya marupiya 10 miliyoni, kuŵirikiza kaŵiri mtengo wa Taj Mahal. Ngati chikondi tichiyeza ndi ndalama, monga ichitira nthanoyi, ndiye kuti mfumu idakonda pokhalira pake kaŵiri kuposa mkazi wake. Ine sindiyeza chikondi motero, koma amene amalozera nsangalabwi ngati umboni ayenera kuvomera kumene muyeso wawo ukuwafikitsa.

Nanga nyumbayo payokha ikunena chiyani? Pa zipata ndi pa makoma pake padalembedwa ndime za m'Korani, ndipo zambiri zimakamba za tsiku la chiweruzo ndi za Paradaiso. Mu 1979 katswiri wa mbiri ya zomangamanga, Wayne Begley, adalemba kuti mamangidwe onsewo amafanizira mpando wachifumu wa Mulungu pamwamba pa munda wa Paradaiso. Akatswiri ena adamtsutsa, koma ndi ochepa amene angakane kuti Shah Jahan ankamanga kuti mibadwo idzadziŵe ukulu wake. Munthu ameneyu ndi yemwe uja adati poloŵa ufumu mu 1628, mbale wake Shahryar ndi ana a abale ake aphedwe kuti pasatsale wolimbirana naye mpando. Amene adayendetsa ntchitoyo ndi Asaf Khan, bambo wake wa Mumtaz. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina ati: koma nyumbayo njokongola. Inde njokongola, ndipo ndingakhale wabodza nditakana. Ngakhale pa chithunzi chofiirira cha m'buku la mbiri, denga lobulungira lija ndi nsanja zinayi zija zimakugwira mtima. Funso langa nlakuti, kukongolako nkwa yani? Mutu umodzi susenza denga. Mfalansa wogulitsa miyala ya mtengo wapatali, Jean-Baptiste Tavernier, adalemba kuti anthu 20,000 adagwira ntchitoyo zaka 22. Nsangalabwi zoyerazo zidakumbidwa ku Makrana, makilomita oposa 300 kuchokera ku Agra, nkumakokedwa pa ngolo za ng'ombe. Maina amene adatsala ndi oŵerengeka: Ustad Ahmad Lahauri, amene amati ndiye adali mmisiri wamkulu, ndi Amanat Khan wa ku Shiraz, amene adalemba ndime za m'Korani nasaina dzina lake pa mwala. Osema miyala adangosiya tizizindikiro tawo pa miyalayo, ndipo timaoneka mpaka lero. Nyumbayo itatha, msonkho wa midzi 30 udapatulidwa kuti uzisamalira mandawo. Anthu a m'midzi imeneyo sitiwaimba.

Pano ndichenjeze anzanga amene amagwirizana nane koma amathamangira nthano ina, ija yoti mfumu idadula manja amisiri kuti asadzamangenso nyumba yotere. Zolembedwa za nthaŵi imeneyo sizinena zotero. Ahmad Lahauri yemweyo amatchulidwanso pa ntchito ya linga la Red Fort ku Delhi, imene idayamba mu 1639. Bodza loipitsa mfumu ndi bodza ndithu, ndipo likamagwidwa limagwa pamodzi ndi zoona zimene tidaliphatikiza nazo. Choipa china nchakuti nthano ya manja imatiiŵalitsa nkhanza yeniyeni, imene ilibe lupanga kapena magazi oti nkujambula. Nkhanzayo ndi ya wokhometsa msonkho wofika pa khomo chaka ndi chaka.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ife ogwira cholembera nchakuti mbiri ya Taj Mahal idayamba kulembedwa ndi anthu odya m'mbale ya mfumu. Lahori ndingamkhululukire, pakuti adalemba mutu wake uli pa ngozi, komabe njala ija adailemba. Nanga ife amene Shah Jahan sangatichite kanthu, tikubwerezeranji chitamando chake popanda wotilipira? Mlembi amene wazoloŵera kuombera m'manja mfumu yakufa ya kutali sadzavutika kuombera m'manja yamoyo ya pafupi.

Ngati mufunabe chikondi m'banja limeneli, chilipo, koma mukuchifuna pa malo olakwika. Mu 1658 Aurangzeb, mwana wa Mumtaz yemwe, adalanda ufumu natsekera bambo wake m'linga la Agra. Chaka chotsatira adapha mkulu wake Dara Shikoh. Amene adatsala ndi nkhalambayo ndi mwana wake wamkazi Jahanara, amene adali ndi zaka 17 pamene mai wake ankamwalira. Adasamala bambo wake m'lingamo kufikira imfa yake mu 1666, pamene padalibenso choti nkupindula kwa mfumu yopanda ufumu. Jahanara adamwalira mu 1681, ndipo manda ake ali ku Nizamuddin mu Delhi, ang'onoang'ono, opanda denga, pamwamba pake pomera udzu monga adafunira mwini. Amene ali ndi ndakatulo ya chikondi yoti abweretse ku msonkhano wathu wotsatira, ayambire pamenepo.