Bulu Nayenso Alowe M'chionetsero

Ku Essen, m'dziko la Germany, kumachitika chionetsero cha mahatchi chotchedwa Equitana, chomwe chidayamba mu 1972. Anthu sapitirako kukangosirira mahatchi ayi. Akatswiri amaimika hatchi pabwalo n'kumaphunzitsa kasamalidwe kake, aliyense akuona.

Kuno mahatchi ngosowa, koma abulu okoka ngolo alipo. Ambiri timawasenzetsa goli la ng'ombe, chonsecho bulu alibe linunda. Amakoka ndi chifuwa. Mapeto ake ndi zilonda zapakhosi, ngolo n'kuima chimanga chikadali kumunda.

Alimi anzanga, tiwapemphe okonza zionetsero zathu za ulimi kuti dokotala wa ziweto azibwera ndi bulu mmodzi, aonetse kadulidwe ka ziboda ndi kamangidwe ka lamba wapachifuwa. Lambayo mlimi atamuona bwino angathe kukasoka yekha kunyumba.