Firiji Yakufa ndi Phale la Masiku Ano

Mbiya ikasweka, makolo sankaitaya yonse. Chibenthu chake chinkasanduka phale lokazingira chimanga ndi mtedza. Nzeru yomweyo ikuoneka lero pa firiji yakufa. Ogulitsa nsomba ndi zakumwa amaigoneka chagada pamthunzi, chitseko chili kumwamba, n'kuthiramo madzi oundana, ndipo katundu wawo amakhala wozizira popanda magetsi.

Mchitidwewu ndi woyamikika. Chimene chimafa mu firiji kawirikawiri ndi injini, koma zipupa zake, zomwe zili ndi thovu louma loletsa kutentha kulowa, zimakhala zidakali zabwino. Kuigoneka kumathandizanso, pakuti mpweya wozizira ndi wolemera, choncho sukhuthukira kunja chitseko chikatsegulidwa. Pofunika n'kuboola kabowo pansi kotulukira madzi osungunuka.

Komabe phale silinaphepo munthu, pamene firiji yaphapo ana. Ku America ana ambiri anafa chifukwa chobanika atabisala m'mafiriji otayidwa, mpaka mu 1956 boma linakhazikitsa lamulo lakuti chitseko cha firiji chizitheka kutsegulidwa ndi munthu amene ali m'kati. Kuchokera pamenepo opanga anayamba kugwiritsa ntchito labala wa maginito m'malo mwa loko wodzitsekera yekha. Koma firiji ikagona chagada, chitseko chimalemera, ndipo mwana wa zaka zinayi amene walowamo pochita chibisalirano sangachikankhe, makamaka mnzake akakhala pamwamba. Kulira kwake sikumveka kunja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwini firiji azikhoma ndi loko wa kiyi pamene palibe wamkulu pafupi, ndipo akasiya kuigwiritsa ntchito achotseretu chitseko.

Chachiwiri ndi gasi wa m'mapaipi. Mafiriji akale anali ndi R12, yemwe amawononga ozoni wotitchinjiriza ku ukali wa dzuwa. Ndiye chifukwa chake mayiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 kuti gasi wotere athetsedwe. Mafiriji ambiri atsopano ali ndi R600a, amene amayaka moto. Safunsa anadya phula. Munthu asadule mapaipi ndi chikwanje kapena kuboola chipupa mmisiri wa mafiriji asanachotse gasiyo.

Adzukulu aphunzire kusataya zinthu msanga monga ankachitira makolo. Aphunzirenso kuti makolo omwewo, akachotsa phale pamoto, ankaliika patali ndi mwana wokwawa.