Mpando Wopanda Mawu: Kalata Yokhudza Zopereka za Dziko Lathu ku Mabungwe a Maiko

Okondedwa abale ndi alongo a ku Kauma ndi madera oyandikana nawo,

Mawu oyamba

1. Ambiri mwa inu muli m'magulu a banki m'khonde, a chipereganyu kapena othandizana pa maliro. Lamulo la magulu amenewa mukulidziwa: amene wasiya kusonkha sachotsedwa tsiku lomwelo, koma pa tsiku logawana kapena losankha atsogoleri mawu ake sakhalanso ndi mphamvu. Takulemberani kalatayi pofuna kukukumbutsani kuti dziko lathu nalonso ndi membala wa magulu otere, monga United Nations, African Union, SADC ndi COMESA, ndipo kumenekonso kuli chilango kwa amene wachedwa kupereka. Popeza ndalama zoperekedwa kumeneko zimachokera ku misonkho yanu, nkhaniyi ndi yanu.

Zimene malamulo amanena

2. Gawo 19 la malamulo oyendetsera United Nations limati dziko limene ngongole yake yafika kapena kupitirira zopereka za zaka ziwiri zathunthu siliponya voti mu msonkhano waukulu wa bungweli. Nthumwi zake zimakhalabe pa mpando, koma pa nthawi yomanga mfundo siziwerengedwa. Mu Januwale 2022 maiko monga Iran, Venezuela, Sudan, Guinea ndi Congo adataya voti motere. Gawo lomwelo lili ndi khomo la chifundo: ngati msonkhanowo wakhutira kuti dziko lalephera pa zifukwa zimene silikadatha kuzipewa, ungalilole kuvota. Ndi chifukwa chake Somalia, Comoros ndi Sao Tome and Principe adaloledwa kuvota kwa zaka zambiri ngakhale adali ndi ngongole.

3. Mbiri yathu yomwe idayamba pakati pa mkangano wotere. Malawi idalandiridwa ku United Nations pa 1 Disembala 1964, tsiku limodzi ndi Zambia ndi Malta. Pa nthawiyo Soviet Union ndi France adali kukana kulipira ndalama za asilikali osungitsa bata, ndipo poopa kuti bungwe lingagawanike, msonkhano wa chaka chimenecho udayenda mopewa kuponya voti. Tidaphunzira kuyambira pachiyambi kuti ngongole ya mamembala ochepa ingathe kumanga manja a onse.

4. Bungwe la African Union lidakhwimitsa malamulo ake mu Novembala 2018 ku Addis Ababa, ndipo chilango chake chili ndi makwerero atatu. Dziko limene silinapereke theka la zopereka zake patatha miyezi isanu ndi umodzi limaletsedwa kulankhula pa misonkhano. Likatha chaka, silingachititse msonkhano wa bungweli kapena kupereka maina a nzika zake kuti zipikisane pa maudindo. Zikakwana zaka ziwiri, silitenganso mbali pa misonkhano. Mu 2020 South Sudan idakumana ndi chilango chimenechi chifukwa cha ngongole yoposa madola 9 miliyoni. Nalo pangano la SADC, limene lidasainidwa ku Windhoek mu 1992, lili ndi gawo lolanga mamembala osapereka.

Kodi zikumukhudza bwanji munthu wa ku Kauma?

5. Wina angafunse kuti, voti ya ku New York ikugwirizana bwanji ndi mtengo wa chigoba cha chimanga pa msika wathu? Funsoli ndi lomveka. Koma kumbukirani mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sudasiye madera othithikana a mu Lilongwe. Katemera ndi zipangizo zina zidabwera kudzera ku World Health Organization ndi UNICEF. Kumbukiraninso namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene maiko oyandikana nafe ndi mabungwe adathamangira kuthandiza abale athu a kumwera. Dziko lopanda nyanja ngati lathu limadalira mapangano a SADC ndi COMESA kuti mafuta, feteleza ndi mankhwala zidutse ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Amene akufuna kuti anzake amumvere pa tsiku la tsoka ayenera kukhala ndi mawu pa tsiku lokonza malamulo.

6. Tiyenera kuvomereza kuti gawo limene timapemphedwa ndi laling'ono. Ku United Nations dziko losaukitsitsa silipereka zoposa 0.01 peresenti ya bajeti ya bungweli, pamene United States imayenera kupereka 22 peresenti. Komabe zoperekazi zimalipiridwa ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole iliyonse ya m'madola idakula pa kuwerengera kwathu ngakhale sitidabwereke kanthu kena. Mlandu suola, ngongole yozengereza imabereka ana.

Chilungamo mbali zonse

7. Sitikunena kuti chilango chilichonse ndi cholungama. Pali kusiyana pakati pa dziko limene lalephera chifukwa cha nkhondo, chilala kapena namondwe, ndi dziko lolemera limene limagwira dala ndalama zake pofuna kukakamiza bungwe kuchita zofuna zake, uku likusamala kuti ngongole isafike malire a zaka ziwiri. Maiko akuluakulu akachedwa kupereka, United Nations imachedwanso kubwezera ndalama maiko amene adatumiza asilikali kukasungitsa bata, ndipo Malawi yakhala ikutumiza ana ake ku Democratic Republic of Congo. Nthumwi zathu ziyenera kunena zimenezi mopanda mantha. Koma zingalankhule bwanji ngati ife eni sitinalongosole zathu?

8. Palinso kusiyana pakati pa umphawi ndi kusasamala. Dziko limene lidaona mabiliyoni akubedwa ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate mu 2013 silingabisale kumbuyo kwa umphawi nthawi zonse. Sichingakhale chanzeru kulipirira gulu lalikulu la anthu ndege, mahotela ndi ndalama za ulendo kupita ku msonkhano kumene mtsogoleri wao saloledwa kulankhula. Dziko limene lidatsogolera African Union mu 2010 ndi kulandira msonkhano wa atsogoleri a SADC mu Lilongwe muno mu Ogasiti 2021 liyenera kusunga ulemu wake.

Zimene tikupempha

9. Kwa boma, makamaka Unduna wa Zachuma ndi Unduna woona za ubale wathu ndi maiko ena: chaka chilichonse, pa nthawi ya bajeti, perekani ku Nyumba ya Malamulo mndandanda wa mabungwe onse amene dziko lino ndi membala, ndalama zimene timayenera kupereka, zimene tapereka ndi zimene zatsala. Unikani mabungwewo moona mtima. Amene sapindulira anthu titulukemo mwa dongosolo, ndipo amene ndi ofunika tiwalipire pa nthawi yake. Ngati pagwa vuto loona, pemphani chifundo msanga kudzera m'njira zimene malamulo adaika, chilango chisanagwe.

10. Kwa aphungu: funsani mafunso amenewa m'makomiti anu, ndipo yerekezani ndalama za zopereka ndi ndalama zimene zimathera pa maulendo akunja.

11. Kwa inu nonse: kambiranani kalatayi m'miphakati ndi m'magulu anu. Phungu kapena khansala akabwera kudzachititsa msonkhano, mufunseni ngati dziko lathu lili ndi ngongole ku mabungwe amenewa, ndipo musakhutire ndi yankho lozemba. Inunso khalani okhulupirika pa zosonkha za m'magulu anu, pakuti chizolowezi chimene tikuchifuna ku Capital Hill chimayambira pa khonde la nyumba zathu.

Mtendere ukhale nanu nonse.

Ndife abale anu a m'komiti yoona za chilungamo ndi ulamuliro wabwino.