Tisanamizire makina

Pali bodza limene lafala pakati pa anzathu ophunzira, ndipo ine landikwana. Akuti makompyuta a masiku ano amadziphunzitsa okha, choncho akalakwitsa palibe munthu womuloza chala. Ndikukana.

Taonani njira imodzi yowaphunzitsira. Akatswiri amapanga kaubongo ka m'kompyuta kotchedwa neural network, timfundo tambirimbiri tolumikizana, ndipo polumikizana paliponse pali nambala yosonyeza mphamvu yake. Amapanga timaubongo totere mazanamazana, tosiyana manambala, natipatsa ntchito imodzi. Tolephera amatitaya. Tochitako bwino amatikwatitsa, kusakaniza manambala ake ndi kusinthako pang'ono mwachisawawa, m'badwo wina n'kubadwa. Amabwereza chomwecho mibadwo yambiri. Agogo anga ankachita zofanana posankha chimanga cha mbewu, chonenepa n'kuchipachika kudenga kuti chifuke utsi. John Holland analongosola maziko a njirayi m'buku lake la 1975, ndipo mu 2002 Kenneth Stanley ndi Risto Miikkulainen ku Texas anatulutsa NEAT, imene imalola kaubongoko kumera timfundo tatsopano.

Zonsezi n'zogometsa, sindikutsutsa. Koma kodi amene amanena kuti aka kachita bwino, aka kalephera, ndani? Muyeso umenewo amalemba ndi munthu, ndipo makina amauthamangira mosaona kumbali.

Karl Sims, amene ntchito yake inatchuka mu 1994, ankaswanitsa tizilombo ta m'kompyuta tokhala ndi thupi ndi kaubongo. Ankafuna tiphunzire kuyenda, ndiye muyeso wake unali liwiro. Tina sitinavutike n'kumera miyendo. Tinangotalika ngati mlongoti n'kugwa kuti khu! M'masekondi ochepa a mayesowo kugwako kunawerengedwa ngati liwiro, ndipo tinapambana n'kuberekana. Kodi tinaba? Ayi. Tinachita chimene tinauzidwa, osati chimene mwini wake ankalingalira mumtima.

Ife ogwira ntchito m'boma nkhani iyi sitiimva ngati yachilendo. Bwana akalamula kuti azitiyesa ndi chiwerengero cha mafayilo otsekedwa, mafayilo amatsekedwadi, mwini nkhani akadali pabenchi panja ndi kalata yake m'manja. Tsono mawa makina otere akadzayamba kusankha woyenera ngongole kapena ntchito, mudzatiuza kuti asankha okha?

Sims sanakalipire tizilombo take. Anakonza muyeso wake, nayamba kudikira kuti tigwe kaye ndi kukhazikika pansi asanayambe kuwerenga liwiro.